Yoga ndi njira ya moyo wonse: tiimvetse bwino tisanaiweruze

Chaka chilichonse pa 21 Juni, anthu m'mizinda yambiri ya dziko lapansi amasonkhana m'mabwalo, aliyense atayala kamkeka kake, n'kumapinda ndi kuwongola thupi pokumbukira tsiku la yoga. Bungwe la United Nations lidakhazikitsa tsikuli pa 11 Disembala 2014 boma la India litapempha, ndipo maiko 177 adachirikiza pempholo. Chikumbutso choyamba chidachitika m'chaka cha 2015. Chaka chotsatira, bungwe la UNESCO lidaika yoga m'kaundula wa miyambo ya anthu yoyenera kusungidwa. Zithunzi za tsikuli zimaoneka pa wailesi ya kanema ndi pa mafoni, ndipo achinyamata athu amaziona. N'chifukwa chake funso limafika kwa akatekisiti, kaya kutchalitchi kaya kumphakati: kodi mkhristu angachite yoga?

Mayankho awiri amabwera mofulumira. Ena amati yoga ndi masewera olimbitsa thupi chabe, monga kuthamanga kapena kudumpha chingwe. Ena amati ndi zausatana, zosayenera ngakhale kuzitchula. Mayankho onse awiriwa amachokera pa kuona chinthu chimodzi chokha, ndicho munthu wopinda miyendo pamkeka. Koma kwa eni ake ku India, yoga imakhudza zolankhula za munthu, chuma chake, zilakolako zake, ntchito yake ndi imfa yake yomwe. Ili ndi chiphunzitso chake pa za Mulungu ndi pa za chipulumutso. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Tiyeni tiyambe tamva zimene eni ake amanena, kenaka timve zimene Mpingo umaphunzitsa.

Tanthauzo la dzinali

Liwu lakuti yoga ndi la Sanskrit, chilankhulo chakale cha mabuku oyera a ku India. Limachokera ku tsinde lakuti yuj, lomwe limatanthauza kumanga pa goli kapena kulumikiza. Mlimi amene adakolekapo ng'ombe ziwiri pa goli amadziwa chimene liwuli likunena. Ng'ombe zosaphunzitsidwa zimakoka iyi kwake iyi kwake, ngolo n'kugwera m'dzenje. Zikazolowera goli, mphamvu zake zimakhala imodzi ndipo katundu amafika kumudzi.

Buku lotchedwa Katha Upanishad, lomwe lidalembedwa zaka mazana angapo Khristu asanabadwe, limagwiritsa ntchito fanizo lofanana ndi limeneli. Limayerekeza thupi ndi galeta. Maso, makutu, mphuno, lilime ndi khungu ndiwo akavalo okoka galetalo. Maganizo ndiwo zingwe, nzeru ndiye woyendetsa, ndipo mzimu wa munthu ndiye mwini wake wokwera. Woyendetsa akagona, akavalo amathamangira kulikonse kumene aona msipu. M'bukuli yoga ndi luso logwira zingwe zimenezi mwamphamvu. Kuyambira pachiyambi penipeni, nkhani yaikulu idali kudzigwira.

Ziwalo 8 za Patanjali

Buku limene ambiri amalitenga ngati maziko a chiphunzitso cha yoga ndi Yoga Sutra, lomwe mwambo umati adalemba ndi Patanjali. Lili ndi mitu 4 ndi ziganizo zifupizifupi 195, kapena 196 m'makope ena. Akatswiri ambiri a masiku ano amati lidasonkhanitsidwa cha m'ma 400, Khristu atabadwa kale. Patanjali amafotokoza yoga ngati kutontholetsa maganizo amene amangoyendayenda. Amatinso mavuto a munthu ali ndi mizu 5: kusadziwa chimene iye ali, kudzikonda, kukakamira zokoma, kudana ndi zowawa, ndi kuopa imfa. Pofuna kuzula mizu imeneyi, amapereka njira ya ziwalo 8.

Chiwalo choyamba chimatchedwa yama, ndipo chimanena za kukhala ndi anthu ena. Muli malamulo 5: kusapweteka chamoyo chilichonse, kunena zoona, kusaba, kudzisunga pa zachiwerewere, ndi kusaunjika chuma. Kusapweteka chamoyo, komwe amakutcha ahimsa, ndiko kumayamba, ndipo ndi chifukwa chimodzi chimene ambiri otsata njirayi sadyera nyama. Patanjali amati malamulowa akasungidwa posayang'ana mtundu wa munthu, malo kapena nthawi, amakhala lumbiro lalikulu. Ndiye kuti wamalonda wobera anthu pa sikelo sadayambe n'komwe yoga, ngakhale atamatha kuimirira ndi mutu.

Chiwalo chachiwiri ndi niyama, ndipo chimanena za munthu ndi moyo wake wam'kati. Namonso muli zinthu 5: ukhondo wa thupi ndi mtima, kukhutira ndi zimene uli nazo, kudzilanga monga posala zakudya, kuwerenga mabuku oyera, ndi kudzipereka kwa Ambuye amene bukuli limamutcha Ishvara.

Chiwalo chachitatu ndicho asana, kakhalidwe ka thupi, komwe dziko lonse limakadziwa lero. Mwa ziganizo zonse za bukuli, zitatu zokha ndizo zimafotokoza za asana, ndipo sizitchula dzina la kapindidwe ka thupi ngakhale kamodzi. Zimangonena kuti munthu akhale pansi mokhazikika ndi mosavutika, kuti thupi lisamusokoneze posinkhasinkha. Chachinayi ndi pranayama, kulamulira kapumidwe. Chachisanu ndi pratyahara, kubweza maso ndi makutu ku zinthu zakunja, monga momwe kamba amalowetsera mutu ndi miyendo m'chigoba chake. Ziwalo zitatu zotsiriza zimachitikira mumtima: dharana, kuika maganizo pa chinthu chimodzi, dhyana, kukhalitsa pamenepo osadukiza, ndi samadhi, pamene wosinkhasinkha amaiwala za iye mwini, n'kutsala chokhacho chimene akuchisinkhasinkha.

Patanjali amalangizanso za momwe munthu angakhalire ndi mtima woyera pakati pa anzake: akhale bwenzi la osangalala, achitire chifundo ovutika, akondwere ndi olungama, ndipo asatekeseke ndi ochita zoipa. Mkhristu akamva zimenezi sangalephere kukumbukira malamulo 10 a Mulungu ndi ntchito zachifundo. Kufanana kulipodi, ndipo sitiyenera kukubisa.

Komabe njira iliyonse ili ndi komwe ikupita. Kwa Patanjali, munthu ali ndi mbali ziwiri: purusha, mzimu woona umene susintha, ndi prakriti, chilengedwe chonse, kuphatikizapo thupi ndi maganizo. Mavuto amabwera chifukwa mzimu umadziyesa kuti ndiwo thupi ndi maganizowo. Mapeto a yoga ndi kaivalya, pamene mzimu umapatukana ndi chilengedwe n'kukhala pawokha, womasuka ku unyolo wa kubadwa, kufa ndi kubadwanso m'thupi lina. Aphunzitsi ena Achihindu, makamaka a chiphunzitso cha Advaita Vedanta, amafotokoza mapetowa mwanjira ina. Iwo amati mzimu wa munthu umazindikira kuti ndi chimodzimodzi ndi Brahman, gwero la zonse.

Yoga ya ntchito ndi ya chikondi

Buku lina lokondedwa kwambiri ndi Ahindu ndi Bhagavad Gita, lomwe lili ndi mitu 18 ndi mavesi 700, ndipo ndi gawo la ndakatulo yaitali ya Mahabharata. Nkhani yake imachitikira pabwalo la nkhondo la Kurukshetra, pomwe msilikali Arjuna wataya mtima poona kuti adani ake ndi abale ake omwe. Krishna, amene Ahindu amamupembedza ngati mulungu, amamuphunzitsa njira zingapo, ndipo zonse amazitcha yoga. Karma yoga ndi kugwira ntchito yako mokhulupirika popanda kukakamira phindu lake. Bhakti yoga ndi kudzipereka kwa mulungu mwachikondi. Jnana yoga ndi kufunafuna nzeru yozindikira choonadi. Pa njira zitatuzi palibe imene imafuna kuti munthu athe kupinda msana.

Chitsanzo chodziwika bwino ndi Mohandas Gandhi. Iye adakhala ku South Africa kuyambira 1893 mpaka 1914, ndipo kumeneko ndiko adayambira kuyesa moyo umenewu. Mu 1904 adakhazikitsa mudzi wa Phoenix pafupi ndi Durban, momwe anthu ankakhala moyo wosafuna zambiri ndi kugwira ntchito ndi manja awo. Mu 1906 adalumbira kudzisunga moyo wake wonse. Atabwerera ku India, malamulo 5 a yama adali pakati pa malumbiro 11 a anthu okhala pamudzi wake wa mapemphero. Gandhi ankawerenga Bhagavad Gita ngati buku lophunzitsa kugwira ntchito mosadzikonda, ndipo kusapweteka munthu adakusandutsa chida cholimbanirana ndi atsamunda. Sadatchuke ndi kupinda thupi, koma mpaka pamene adaphedwa mu 1948 adayesetsa kutsata zimene mabuku a yoga amaziika patsogolo.

Momwe kupinda thupi kudakulira

Nanga zidatheka bwanji kuti chiwalo chimodzi mwa 8 chiphimbe zinzake zonse? Ku India kudali mwambo wina wotchedwa hatha yoga, umene unkasamala kwambiri za thupi ndi kapumidwe. Buku lake lotchuka, Hatha Yoga Pradipika, la zaka za m'ma 1400, limafotokoza mitundu 15 ya asana. Mu 1893 mmonke Wachihindu Swami Vivekananda adalankhula pamsonkhano waukulu wa zipembedzo ku Chicago, ndipo mu 1896 adatulutsa buku la Raja Yoga, lomwe lidadziwitsa anthu a ku America ndi ku Ulaya chiphunzitso cha Patanjali. Iyeyu sadaike mtima kwenikweni pa kupinda thupi.

Kusintha kwakukulu kudachitika m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, pamene masewera olimbitsa thupi adatchuka ku India monga momwe adatchukira ku Ulaya. Mfumu ya kadera ka Aundh idafalitsa mndandanda wa kuwerama ndi kudzuka wotchedwa surya namaskar, kutanthauza kupereka moni kwa dzuwa. Ku Mysore, mphunzitsi Tirumalai Krishnamacharya ankaphunzitsa anyamata yoga yamphamvu ndi yachangu mothandizidwa ndi mfumu ya kumeneko. Ophunzira ake adaifalitsa kutali. Indra Devi adatsegula sukulu ku Hollywood chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo B.K.S. Iyengar adatulutsa buku la Light on Yoga mu 1966, lofotokoza mitundu ya asana pafupifupi 200. Yoga imene imaphunzitsidwa lero m'malo olimbitsira thupi idachokera kwenikweni kumeneku.

Phindu lake pa thupi lilipo. Mu 2017 bungwe la madokotala la American College of Physicians lidaika yoga pakati pa njira zopanda mankhwala zimene munthu wodwala msana kwa nthawi yaitali angayambe wayesa. Koma ku India komweko aphunzitsi ambiri amadandaula kuti dziko latola khungu n'kusiya nyama.

Zimene Mpingo umaphunzitsa

Mpingo wa Katolika sudakhale chete pa nkhaniyi. Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Nostra Aetate cha pa 28 Okutobala 1965, udatchula Ahindu mwaulemu ngati anthu ofunafuna kumasuka ku mavuto a moyo uno kudzera m'kudzilanga, kusinkhasinkha kozama ndi kuthawira kwa Mulungu mwachikondi. Udanenanso kuti Mpingo sukana chilichonse choona ndi choyera m'zipembedzo zina, ngakhale kuti suleka kulalika Khristu. Choncho mkatolika sayenera kunyoza mnansi wake Wachihindu kapena kutcha chipembedzo chake ufiti.

Pa 15 Okutobala 1989, nthambi ya ku Vatican yoona za chiphunzitso cha chikhulupiriro idalembera maepiskopi onse kalata yotchedwa Orationis Formas, yonena za kusinkhasinkha kwa chikhristu. Adaisaina ndi Kadinala Joseph Ratzinger, amene pambuyo pake adakhala Papa Benedict XVI. Kalatayi imatchula yoga ndi dzina pakati pa njira zochokera kum'mawa. Siiletsa kotheratu. Imalola mkhristu kutengapo zothandiza, malinga ngati sizikuphimba tanthauzo la pemphero la chikhristu. Koma imachenjeza kuti masewera ena a thupi amabweretsa bata, kufunda ndi kupepuka mumtima, ndipo ndi kulakwa kwakukulu kuyesa kuti zimenezi ndi chitonthozo cha Mzimu Woyera. Imachenjezanso za kusandutsa thupi kukhala fano. Mu 2003 nthambi zina ziwiri za ku Vatican, ya za chikhalidwe ndi ya kukambirana ndi zipembedzo zina, zidatulutsa chikalata chochenjeza za uzimu wosakaniza wotchedwa New Age, umene umatola apa ndi apo popanda kuzika mizu paliponse.

Malemu Papa Francis nawo adakhudza nkhaniyi mu ulaliki wao wa pa 9 Januwale 2015. Adati munthu angathe kuchita maphunziro ochuluka a katekisimu, a zauzimu ngakhale a yoga, koma zonsezi sizingampatse ufulu wa mwana wa Mulungu, chifukwa wofewetsa mtima ndi Mzimu Woyera yekha. Tione kuti pamndandanda umenewu adaikapo katekisimu yathu yomwe.

Akatolika amene amakhala pakati pa Ahindu saona nkhaniyi mofanana onse. Wansembe wa ku France wa chipani cha Benedictine, Jean-Marie Déchanet, adalemba buku mu 1956 losonyeza momwe mkhristu angagwiritsire ntchito asana ndi kapumidwe pokonzekera pemphero. Ku Mumbai, Bambo Joe Pereira, wophunzira wa Iyengar, adayambitsa bungwe la Kripa Foundation mu 1981, lomwe limagwiritsa ntchito yoga pothandiza anthu ogwidwa ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Mbali inayi, akuluakulu a Mpingo wa Syro-Malabar ku Kerala, umene uli pansi pa Apapa, adachenjeza akhristu awo mu 2017 ndi mu 2018 kuti yoga isatengedwe ngati njira yofikira kwa Mulungu. Onsewa amagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti chipulumutso chimachokera kwa Khristu. Amasiyana pa kuyeza ngati n'kotheka kulekanitsa masewera ndi chiphunzitso chimene chidawabala.

Pomwe njira zimapatukana

Pali malo atatu pomwe mkatekisiti ayenera kufotokoza momveka. Oyamba ndi pa za Mulungu. Kwa ife pemphero ndi kukambirana kwa awiri, mwana ndi Atate ake, kudzera mwa Khristu, mwa Mzimu Woyera. Ngakhale woyera wamkulu atalumikizana ndi Mulungu kwambiri chotani, amakhalabe cholengedwa, ndipo Mulungu amakhalabe Mlengi. Mapeto a ulendo wathu ndi kukhala pamodzi m'chikondi, pamene kwa Patanjali ndi mzimu kukhala pawokha, ndipo kwa Advaita Vedanta ndi kutha kwa kusiyana pakati pa mzimu ndi Brahman.

Achiwiri ndi pa za chaulere. Mu Yoga Sutra munthu amafika pa ufulu makamaka mwa khama lake, pochita mobwerezabwereza ndi potaya zilakolako. Pano tisaname: Ahindu otsata njira ya bhakti amadaliranso kwambiri chifundo cha mulungu wawo. Koma mkhristu amakhulupirira kuti palibe luso, kapumidwe kapena kakhalidwe ka thupi kamene kangakakamize Mulungu kubwera. Iye amabwera mwaulere, ndipo amafikira ngakhale wodwala amene sangathe kudzuka pamphasa.

Achitatu ndi pa za imfa. Chiphunzitso cha yoga chimayenda pamodzi ndi chikhulupiriro chakuti munthu amabadwa kambirimbiri malinga ndi ntchito zake. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 1013, amakana kubadwanso m'thupi lina, potsata Ahebri 9:27. Tili ndi moyo umodzi, ndipo thupi lathuli, m'malo moti titayane nalo mpaka muyaya, lidzauka pa tsiku lomaliza.

Uphungu kwa akatekisiti

Mkhristu akabwera ndi funsoli, ndi bwino kuyamba mwamufunsa chimene akufuna. Ngati ndi msana wopweteka kapena kusowa tulo, ndipo kumene amapitako amangophunzitsa kuwongola thupi ndi kupuma bwino, zikalata za Mpingo zimene tatchulazi sizikumuletsa. Mufunseni zimene amanena kumeneko. Ngati amaimba mawu opembedza milungu Yachihindu, kapena kubwereza liwu loyera la Ahindu lakuti Om ngati pemphero, kapena ngati mphunzitsi amafuna kumugwadira ndi kulumbira kwa iye, pamenepo afika pa chipembedzo, ndipo mkhristu azipatule mwaulemu. Mufunseninso za zipatso. Ngati chiyambireni wayamba kuthawa Misa ndi sakramenti la kulapa ponena kuti mtendere waupeza kale pamkeka, chinthu chasokonekera. Pomwe mwakaika, pitani naye kwa bambo mfumu.

Tisaiwale kuti Mpingo uli nacho chuma chake pa nkhani ya thupi ndi pemphero. Timagwada, timaimirira, timadziguguda pachifuwa, timasala zakudya pa Lenti. Mwambo wakale umafotokoza njira 9 zimene Dominic woyera ankapempherera ndi thupi lake. Ignatius woyera wa ku Loyola adaphunzitsa kunena Atate Athu liwu limodzi pa mpweya uliwonse. Akhristu a kum'mawa amabwereza dzina la Yesu motsatana ndi kupuma kwawo. Achinyamata ambiri amene amafunafuna bata kwina sadauzidwepo kuti zimenezi zili m'nyumba mwawo.

Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Munthu wotsata yoga mokhulupirika amayamba ndi kusanama, kusaba, kudzisunga ndi kusaunjika chuma, ndipo amapatula nthawi tsiku ndi tsiku yokhala chete. Moyo wake umatifunsa ngati chikhristu chathu chimafika kumsika, kuntchito ndi kuchipinda, kapena chimathera pakhomo la tchalitchi Lamulungu masana. Pa Mateyo 11:29-30 Ambuye Yesu nawo amatiitana kusenza goli, ndipo goli limenelo ndi lawo. Mkatekisiti amene walisenza ndi mtima wonse adzayankha funso la yoga mopanda mantha ndi mopanda chipongwe.